Diso la ba Daka Linali ku Sitima

Senderani kuno, inu muli pakhomo apo, lowani muleke kutitsekera kuwala. Amene muli ndi ana kumsana atsitseni agone pamphasa. Mbale zisiyeni, sizithawa. Taika munthu dzulo, ndipo ndakumvani atsikana inu mukunong'onezana kuseri kuti mwana wa malemu sanagwetse msozi kumanda, anangoima njo ngati mtengo wa magetsi. Pakali pano Juditi wapita ndi amalume ake kukaona mmene manda agonera, ndiye khalani pansi ndikuuzeni asanabwere. Ine ndine amake Saulo, khomo langa ndi ilo likuyang'anana ndi lino. Ndakhala pamenepo kuyambira Chawama ikadali ndi mitengo.

Musandiyang'ane m'maso, simupezamo kanthu. Misozi yanga inatha zaka zija tinkaika anthu ngati tikubzala chinangwa.

Juditi kwa atate ake anafuna chinthu chimodzi chokha: nkhope ya amayi ake papepala. Sanafune nyumba ino, sanafune njinga. Ndipo atate akewo, ba Daka amene tawaika dzulo, ndiwo anali wojambula zithunzi wa komboni yonse ino. Gwirani ziwirizo, zina zibwera zokha.

Inu mwawadziwa atakalamba, maso atayera. Kale anali munthu wamtali, woonda ngati nsungwi, jekete imodzi yabulauni chilimwe ndi dzinja, kamera ili lende pachifuwa. Lamba wa kamerayo atadukapo, akazi awo anasoka wina ndi nsalu ya buluku lakale. Akamadutsa, ana ankawathamangira akukuwa, "Ba Daka, nikopeniko! Nikopeniko!" Paja muno kujambula timati kukopa. Iwo ankaima, kuwandandalitsa onse, kukweza kamera, n'kuliza ndi pakamwa, tcha! Ana n'kubalalika akusangalala, chikhalirecho filimu sinakhudzidwe. Ubatizo anali iwo, ukwati anali iwo. Mnyamata akafuna kutumiza chithunzi kumudzi kuti makolo aone kuti tauni yamukomera, ankabwereka wailesi kwa mnzake, kuiika pamiyendo, ba Daka n'kumuuza kuti akweze chibwano. Filimu ikadzaza ankapita nayo ku Kamwala kukatsukitsa.

Imeneyo inali ntchito ya mimba. Mtima unali kunjanji uko.

Iwo anali a kum'mawa ngati ine, ndipo kwathu masiku amenewo njanji kunalibe. Anabwera pa lole ali mnyamata. Ankasimba okha kuti tsiku loyamba kuona sitima ya malasha ikufuka utsi, anataya mtolo n'kuthawa. Atathawa anabwerera, n'kukhala pa siteshoni mpaka dzuwa kupendeka, osadya. Anakapempha ntchito kwa eni njanji, koma powayesa maso anapezeka kuti chofiira ndi chobiriwira kwa iwo n'chimodzi. Munthu wotere sangayendetse sitima, angaphe anthu. Anabwerera, n'kudzagula kamera kwa mzungu wina amene ankasamuka. Ankati poti anakanizidwa kuikwera kutsogolo, aziigwira ndi diso.

Filimu iliyonse, zithunzi zakumapeto zinali za sitima. Eni ukwati adandaule bwanji, sankamva. Pali banja lina kuseri kwa msika limene ukwati wawo mpaka lero ulibe keke, chifukwa nthawi yodula keke itakwana ba Daka anati filimu yatha, chonsecho anasungira gudusi ya madzulo, sitima ya katundu ija. Mawu awo anali akuti chojambula ndi chopita. Munthu amene umadzuka naye m'nyumba sasowa chithunzi, chifukwa mawa adzakhalapo, ndi mkuja yemwe. Ankanenanso kuti sitima zili ndi mawu ngati anthu a kwaya, ina yabesi, ina yachimfine, ndipo munthu wamakutu angazitchule ali m'chimbudzi.

Mnzawo pa misala imeneyi anali ba Chanda, Mubemba wa kumpoto, amene munawaona dzulo atawakweza pa wilibala. Iwowa anagwiradi ntchito m'sitima, akuponya malasha m'ng'anjo ndi fosholo, mpaka zitabwera za dizilo n'kuuzidwa kuti apite kunyumba. Awiriwa anakoka zitsulo ziwiri zakale zoyala pansi pa njanji, n'kuziika pamiyala pafupi ndi kanjira kodumphira popita ku tauni. Pamenepo ndiye panali pabwalo pawo. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, ba Daka ankanyamula chitini cha zithunzi, n'kukayala pamaondo. Ena ankabwera kudzasuzumira, mphunzitsi wina, ndi mdala wina amene kale ankagulitsa tiyi m'sitima. Koma eni malo anali awiriwo. Mukudziwa chimbuya cha ife a kum'mawa ndi Abemba, kuti timatukwanana popanda mlandu, iwo kutitcha odya mbewa, ife kuwatcha odya anyani. Pamenepo ndiye chinkapsa.

"Iwe wodya mbeba, ichi chithunzi wachigwila mozondoka. Kwanu munaionapo sitima imwe?"

"Chosa manja yako ya malasha apo, mwana wa wodya nyani. Uzanibela na chithunzi, nikuziba."

"Nibe chani? Utsi weka-weka uyu, mutu wa sitima uli kuti?"

Ankatha tsiku akukangana kuti ndi sitima iti inkakwera chitunda cha kumwera osapuma, ndi iti inkalira ngati mkazi wamasiye. Kamodzi pachaka ankavala mataye n'kukwera ya ku Livingstone. Anthu ankafunsa ngati kuli maliro. Kulibe. Mukukagula katundu? Iyayi. Ngakhale mathithi amene azungu amaolokera nyanja kudzaona, iwo sankapitako. Ankatsika, kudya mbatata zimene anawaphikira kuno, kuzungulira mitu ya sitima yoimikidwa kumeneko, n'kukwera yobwerera. Zinthu zitayamba kuthina m'dziko, sitima zinayamba kuchedwa tsiku lathunthu, mawindo opanda magalasi, mipando yong'ambika, mababu atabedwa. Anthu ankatsika akutukwana. Ba Daka ankatsika akumwetulira, ati sitima yofera m'thengo ndiyo yabwino, imaima phee kuti uijambule mbali zonse.

Tsono akazi awo. Dzina lawo anali Enelesi, ife tinkati amake Judi. Tinkagulitsa tomato moyandikana pamsewu. Mukafunsa aliyense wakale muno kuti mkazi wojambulidwa kwambiri mu Chawama anali ndani, adzakuuzani kuti amake Judi. Tonse tinkawaona. Sabata sinkatha osawaona ataima m'mbali mwa njanji, chitenje chabwino, dzanja m'chiuno, mano poyera, amuna awo atagwada kutsogolo ndi kamera. Azimayi ankapita kukavutitsa amuna awo kunyumba kuti onani anzanu mmene akondera akazi awo.

Chiyambi chake chinali chotere. Zaka zimenezo kumwera kunali nkhondo, ndege zachilendo zinkadutsa, ndipo aliyense ankaopa akazitape. Kuloza kamera pa mlatho, pa siteshoni kapena pa njanji unali mlandu. Tsiku lina anyamata a chipani anawagwira ba Daka akujambula gudusi. Anawamenya mpaka diso kutupa, filimu kuisolola padzuwa, n'kuwakokera ku polisi. Amake Judi anandisiyira tomato n'kuthamangira komweko. Anakagwada pansi, n'kunena kuti bambowa amajambula ine, kungoti ndinapatuka pang'ono kuthengo kukataya madzi. Apolisi anaseka, n'kuwamasula. Bodza limenelo analipeka ndi amake Judi eni ake, ali chogwada. Ndipo m'bodzamo ndimo munabadwa njira. Kuyambira pamenepo ba Daka akamva njanji ikung'ung'udza ankafika pamsewu akupuma wefuwefu.

"Enelesi, vala chitenge, ya ku Kitwe ili pafupi!"

Mayi ankapukuta manja, n'kukaima. Mutu wa sitima ukangotulukira, ba Daka ankasuntha kamera pang'ono chabe, ngati munthu wopewa ntchentche, n'kudina. Wodutsa ankaona mwamuna akujambula mkazi wake. Poyamba amake Judi zinkawaseketsa. Ankabwera pa tomato akugwira nthiti, ati, "Amake Saulo, ine ndine mperekezi chabe, mkwatibwi ni uja wa utsi." Tinkadziwa ndife anayi okha, eni ake awiri, ba Chanda ndi ine. Ndipo ngakhale ine ndinkaganiza kuti pa zaka zonsezo, kamodzi kapena kawiri, chala chinadinako mayi ali mkati.

Juditi anakula akuona amayi ake akuima pamenepo. Zitini za atate ake zinkakhala pansi pa bedi, mwana osakhudza. Atakula anapita ku Kabwe ndi mwamuna, mwakachetechete, poti zaka zimenezo ukwati wa madyerero unatsalira olemera.

Kenaka linabwera dzinja la kolera. Madzi a m'maenje okumba miyala anasefukira, zimbudzi zinadzaza n'kulowa m'misewu. Amake Judi anayamba kutsegula m'mimba m'mawa. Pofika masana tinawanyamula pa wilibala kupita ku matenti amene anamangidwa kuseri kwa kiliniki. Anatibweza pachingwe chotchingira anthu. Mawa lake anatiuza kuti apita. Inu ana simudziwa maliro a kolera. Mtembo sitinausambitse, nkhope sitinaione. Anawakulunga m'pulasitiki anthu ovala magolovesi, ife titaimitsidwa patali ngati oonerera mpira. Zovala zimene anapita nazo anazitentha, pamodzi ndi kachikwama kawo. M'kachikwamamo munali reji yawo, chitupa cha boma chija chokhala ndi kankhope pakona.

Juditi anatumiziridwa uthenga mayi akadali moyo. Anakwera sitima, ali ndi pakati. Sitimayo inafera panjira. Anafika kuno n'kupeza mulu wa dothi.

Masiku amenewo kusonkhana pamaliro kunaletsedwa, ndiye tinadikira mpaka matenda atazizira, n'kudzakhala m'chipinda chino, pomwe mwakhala inupa. Juditi sanalire mokuwa. Anagwada pamaso pa atate ake n'kunena mofatsa.

"Atate, nipaseniko chithunzi cha amama. Chimozi chabe. Niike patebulo bantu baone, pobwelela niyende nacho."

Azimayi tonse tinavomereza ndi mitu, wina mpaka anati pano pokha palibe vuto, tisankha chokongola. Ba Daka anangoyang'ana manja awo pamaondo. Ba Chanda anadzuka n'kutuluka panja. Juditi anayesa kuti atate ake sanamve chifukwa cha chisoni, ndiye analowa yekha kuchipinda n'kukoka zitini zija, za mabisiketi, za mkaka wa ufa, n'kukhuthula pamphasa. Tinasendera kumuthandiza. Sitima. Sitima. Mabogi. Mlatho. Sitima ili m'thengo. Mawilo okhaokha. Utsi. Tinatembenuza mapepala mpaka dzuwa linachoka pakhomo. Azimayi a Chibemba anali atabwera ndi mbale ya unga kuti atipake kumaso ndi kutiseka monga mwa chimbuya. Mmodzi anali atapisa kale dzanja. Analitulutsa, n'kulipukuta pachitenje.

"Atate, amama bali kuti?"

Ba Daka anatola chithunzi chimodzi, cha mutu wa sitima wadzimbiri, n'kuchiika pansi. Kenaka anaika chala pamphasa, pambali pa pepalalo, kunja kwake.

"Banali apa."

Juditi anayang'ana mphasa pamene panali chalacho. Anayang'ana nthawi yaitali. Atatero anayamba kubwezera zithunzi m'zitini, bwinobwino, osapinda ngakhale chimodzi, n'kuzikankhiranso pansi pa bedi.

Chithunzi chimene anatolacho ine ndinachizindikira, chifukwa tsiku lake ndinalipo. Ndibwerere m'mbuyo pang'ono.

Zinali zaka zingapo kolera isanabwere, nthawi imene m'masitolo munali mashelefu okhaokha. Tinkafola mzere wa sopo, mzere wa saladi, mafuta ophikira aja, nthawi zina kufola osadziwa kuti kutsogolo akugulitsa chiyani. Filimu inasowa tauni yonse. Ba Daka anatsala ndi malo a chithunzi chimodzi, kumapeto kwa filimu ya ubatizo wa mwana wa munthu. Ndipo Lamulungu la sabata imeneyo amake Judi ankavekedwa yunifolomu ya amayi a mpingo. Nsalu ya bulauzi yoyerayo anaigula ndi thukuta lophwanya miyala m'mbali mwa msewu, zala zonse zinali mabala. M'mawa ndili kuwakonza kolala, anatembenuka kwa amuna awo.

"Atate Judi, lelo munikope vazoona. Osati vija va masiku yonse."

"Nizakukopa, Enelesi. Mulungu aone."

Tinapita kunjanji, poti m'tinjira ta muno munali matope ndi mithunzi, kuja ndiko kunali poyera. Sinali nthawi ya sitima iliyonse. Ine ndinawagwirira chikwama. Ndipo ndinaona chinthu chachilendo: mayi amene anaima pamalo amenewo zaka ndi zaka sankadziwa kaimidwe. Dzanja m'chiuno analichotsa, analiika pamimba, analitsitsanso. Kumwetulira kuja kwa masewera kunakana kubwera. Anangolumikiza manja kutsogolo ngati mtsikana wa chinamwali, maso akuphethira. Ba Daka anagwada, n'kutseka diso limodzi.

Pamenepo njanji inayamba kulira. Kuchokera ku tauni kunatulukira ya dizilo ikuyenda pang'onopang'ono, ikukoka mutu wa sitima ya malasha, wakufa, wopanda utsi, dzimbiri lokhalokha, udzu utamera pamwamba. Ankapita nawo kumwera, kaya kukauphwanya kaya kukausunga. Ba Chanda anali pazitsulo zawo paja. Anadzuka, kuvula chipewa, n'kukuwa.

"Daka! Ni ija! Ni yanga ija, nenze kuponyamo malasha!"

Ndinaona mapewa a ba Daka akutembenuka. Sindikhulupirira kuti anaganiza. Thupi linangochita zimene linazolowera. Tcha. Kamodzi.

Amake Judi sanasunthe. Anaimabe chomwecho, manja kutsogolo, mpaka chitsulo chonsecho chinadutsa n'kukazimirira. Mkazi amene waima kutsogolo kwa kamera nthawi yaitali chotero amadziwa kumene diso la kamerayo laloza, safunika kuuzidwa. Anandiyandikira n'kutambasula dzanja.

"Amake Saulo, nipaseni chola. Tachedwa."

Ku tchalitchi anavekedwa, anaimba, anagwirana chanza ndi abusa. Nkhaniyo sanaitchulepo kwa ine ngakhale tsiku limodzi, ndipo tinkakhala limodzi pa tomato kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kungoti kunjanji sanakaimenso. Mantha a akazitape anali atayamba kutha, ndiye ba Daka ankatha kupita okha. Filimu itayambanso kupezeka, anabwera nayo pamsewu, yatsopano m'kabokosi, n'kuwauza kuti akavale bulauzi ija. Mayi sanatukule mutu, anapitiriza kuunjika tomato.

"Kopani masitima yanu, yamapita. Ine nili pamene pano, sinithaba."

Anawabwezera mawu awo omwe. Ba Daka anaika kabokosi m'thumba. Ankayesa kuti mkwiyo udzatha, ndipo mawa lidzakhalapo.

Tibwerere ku maliro. Juditi atabwerera ku Kabwe chimanjamanja, ba Daka anayamba kuyenda. Khomo ndi khomo, Chawama yonse, mpaka ku Kanyama, kulikonse kumene anajambulako mwambo. Ankaodira, n'kuvula chipewa, n'kupempha kuti aoneko zithunzi zimene anawajambula kale. Anthu ankatulutsa m'maenvulopu, m'mabaibulo, zina kuzichotsa pakhoma. Iwo sankayang'ana mkwati kapena mwana wobatizidwa. Ankayang'ana kumbuyo, m'makona, pakati pa mitu ya anthu, ndi kagalasi kokuza zinthu. Ankati mkazi amene sankaphonya ukwati kapena maliro a mnzake sangalephere kupezeka penapake. Koma amake Judi pa mwambo uliwonse ankakhala kuseri kwa nyumba, pa mapoto. Kamera sinkafika kuseri.

Anathera kwa ine, khomo loyandikana ndi lawo, kumene akanayambira. Pa chithunzi cha ukwati wa Saulo wanga, m'mphepete penipeni, pali mkazi atawerama pa beseni akutsuka mbale. Msana ndi duku. Dukulo ndinalidziwa, tinagula limodzi pa salaula, pamsika wa zovala zakaunjika. Ba Daka anandipempha, ndinawapatsa. Anavala taye n'kukwera sitima ya ku Kabwe.

Zimene zinachitika kumeneko anandiuza okha atabwera, atakhala pakhonde langa, akuyang'ana pansi. Juditi anawalandira mwaulemu, anawagwadira ndi madzi osamba m'manja, anawaphikira. Atadya anatulutsa chithunzi. Mwana anachiyang'ana, n'kunena kuti msana uwu akuudziwa, ndi umene unamubereka, koma iye amafuna nkhope. Anachibweza ndi manja awiri.

Sanawatukwanepo atate ake, musamve zabodza. Mwezi ukatha ankatumiza unga ndi kandalama ka sopo. Atadwala anabwera kudzawasamala. Koma kuyambira tsiku la zitini lija sindinamuonenso akuseka iwo ali pomwepo. Anabereka mwana wamkazi n'kumutcha Enelesi. Ba Daka anatumiza mawu kuti abwere naye adzamujambule. Juditi anapita naye ku situdiyo ya ku Kabwe komweko.

Ndikanakonda kukuuzani kuti mdalayo anaphwanya kamera, kapena anaiponya m'dzenje la madzi. Anthu ankayembekeza zimenezo. Sanatero. Lamulungu ankapitabe pazitsulo paja ndi ba Chanda. Matukwano a mbewa ndi nyani anachepa, koma sitima ikatulukira kamera inkakwera yokha kumaso. Ine ndinawafunsapo kamodzi ngati alibe manyazi. Anayankha kuti akasiya, ndiye kuti Enelesi anaima pachabe. Mpaka pano sindidziwa ngati anali mawu anzeru kapena a munthu wodwala. Anasiya pokhapokha ng'ala itaphimba maso onse awiri.

Chaka chathachi, miyendo ya mdala itayamba kukana, Juditi anabwera ndi kamtsikana kake, kali kale kusukulu. Tsiku lina masana ndinali pakhonde lino ndikusankha nyemba. Mdala anali pampando, Juditi ali mkati akusefa unga, chitseko chili chotsegula. Kutali kunalira sitima, ba Daka n'kutchula kuti ndi yakuti, yochokera kwakuti, ikukoka zolemera. Kamtsikana kanaseka, kenaka kanawagwira bondo.

"Ambuya, nanga ambuya bakazi banali kuoneka bwanji? Amami bakamba ati nifunse imwe, ndimwe munali kubayang'ana maningi."

Ba Daka anatsegula pakamwa. Anatsekanso.

"Banali batali pang'ono."

"Banali bafupi," anatero Juditi ali mkati, sefa osaimitsa.

"Nanga maso? Mphuno yenze monga yanga?"

Mdala anatembenuzira nkhope kumene kunali mawu a mwanayo, maso oyera aja ali tong'o. Milomo inkagwedera ngati munthu wowerenga chamumtima. Tinadikira. Nyemba ndinasiya.

"Banali kuimilila kumanzere," anatero.

Mkati sefa inaima. Kenaka inayambanso.

Musafulumire kugwedeza mitu. Usiku ndi usana ndinakhala nawo mayi amenewo, koma lero ndikatseka maso ndimaona duku, ndi mpata wa mano akutsogolo, basi. Anali ndi kachipsera patsaya. Ine ndimati kumanja, amake Lute a kuseri uku amati kumanzere, ndipo tinakanganapo mpaka kusalankhulana sabata yathunthu. Nkhope ya munthu imasungunuka ngati sopo, umangozindikira watsala ndi kachidutswa.

Ndiye dzulo mwana uja anaima njo kumanda. Tsopano mwadziwa.

Ba Chanda atsala okha. Amakhala ku Mtendere kwa mwana wawo, miyendo yotupa ngati mitondo. Dzulo pamanda anayesa chimbuya, anati wodya mbewa wakwera wopanda tikiti, koma palibe anaseka. Anapempha zitini zija, Juditi anati atenge zonse. Mwana wawo wakana, akuti m'nyumba mulibe malo ndipo denga limadontha. Zikadali pansi pa bedi umo, kumbuyo kwa nsalu imene mwatsamirayo. Kamera anatenga mphwawo wa malemu, akuti akaifunsa mtengo ku tauni. Chithunzi cha ukwati wa Saulo chinabwerera kwa ine, chili m'baibulo limene sinditha kuwerenga. Juditi anyamuka mawa, pa basi. Nyumba ino akuti aikamo anthu olipira lendi. Kamtsikana kaja, ena dzulo amati katengera chipumi cha ambuye ake, ena amati iyayi, n'cha kwa atate ake. Kanali kuyang'ana uyu, kuyang'ana uyo. Palibe poyerekezera.

M'mawa uno ndinapita kunjanji kukataya phulusa la pamaliro. Zitsulo zija anazula kale anyamata ogulitsa zitsulo zakutha, mdala atangoleka kuyenda. Patsala miyala imene zinakhalapo, ndi maenje awiri odzaza madzi obiriwira. Mayi wina wachilendo, sindimudziwa, wayanika matewera paudzu pomwepo. Ndili chiimire inatulukira gudusi, ikukwawa moti mwana wa sukulu anaipitirira wapansi. Anthu anaima mbali zonse ziwiri kudikira kuti adumphe, wina ndi thumba la malasha pamutu, wina akukankha njinga. Palibe anaiyang'ana. Itatha kudutsa anadumpha, aliyense ulendo wake. Ine ndinakhuthula phulusa langa n'kubwerera.

Dzukani tsono, akubwera awo. Wina amulandire Juditi madzi akumwa, ndipo musamufunse kanthu.